Musanagule bokosi la besi, yambani mwatembenuza ampu

Ngati mwasonkhanitsa kandalama koti mugulire bokosi la masipika a besi, kapena komiti ya kutchalitchi yakupatsani envelopu kuti mukagule, ndikupempheni chinthu chimodzi: funso lanu loyamba lisakhale lakuti "ndi la mawati angati?" Funso limeneli ogulitsa amalikonda kwabasi, chifukwa yankho lake limakhala nambala yaikulu yokoma m'makutu. Koma nambala imene ingakuwotchereni ampu pakati pa ukwati wa eni ake si imeneyo ayi. Ndi ina yaing'ono, 4 kapena 8, yolembedwa kumbuyo pafupi ndi polowetsa waya, imene anthu ambiri sayiyang'ana n'komwe.

Tiyambe tamvana mayina. Ampu ya besi imabwera m'njira ziwiri. Pali ija ya zonse pamodzi, ampu ndi sipika m'bokosi limodzi, imene oimba amaitcha combo. Ndiye pali ina yosiyana: kachipangizo kokhala ndi mabatani kamene amati head, ndi bokosi la masipika lapadera limene amati cab. Head payokha siitulutsa mawu, ndipo bokosi palokha ndi thabwa chabe. Nkhani yathu lero ndi ya kukwatitsa ziwirizi, ndipo monga ukwati wina uliwonse, kukongola kwa onse awiri sikutanthauza kuti akhalitsana.

Tembenuzani head yanu. Penapake mupeza mawu onga akuti "Min. load 4 ohms", kapena nambala 4 yotsatana ndi kachizindikiro aka: Ω. Ohm ndi muyeso wa mmene bokosi limakanira magetsi ochokera ku ampu. Chosokoneza apa n'chakuti nambala ikamachepa, katundu amakula. Bokosi la 8 ohm limakoka magetsi pang'ono, la 4 ohm limakoka owirikiza. Ganizirani wakabaza amene wakuuzani kuti njinga yake imatha matumba awiri basi. Mukamusenzetsa limodzi, ayenda akuimba likhweru. Mukamusenzetsa awiri, atuluka thukuta koma afika. Mukawonjezera lachitatu, china chake chithyoka panjira. Head yolembedwa 4 ohm imalandira bokosi la 8 popanda vuto, imalandiranso la 4. Chimene simuyenera kuchita ndi kutsika pansi pa 4. Ikatero imatentha, ina imadzizimitsa yokha kuti idziteteze, ina yopanda chitetezo chabwino imapseratu. Alipo ma head ena opangidwa kuti azifika pa 2 ohm, koma amenewo amalemba poyera. Ngati sanalembe, musaganizire.

Vuto lenileni limayamba mukafuna kulumikiza mabokosi awiri. Masamu ake si ophatikiza ngati a kusitolo. Mabokosi awiri a 8 ohm sapanga 16, amapanga 4. Awiri a 4 ohm amapanga 2. Ndipo musanyengedwe ndi mabowo awiri amene ali kumbuyo kwa head, ngati kuti bowo lililonse lili ndi mphamvu yakeyake. Pa ma head ambiri mabowo awiriwa ndi olumikizana mkati. Ena amazemba potenga waya kuchokera ku bokosi loyamba kupita ku lachiwiri, poganiza kuti ampu iziona bokosi limodzi lokha. Kwa ampu ndi chimodzimodzi, katundu ndi yemwe uja.

Msampha umene umagwira mabandi ambiri ndi uwu: muli ndi bokosi la 4 ohm, mnzanu wakubwerekani la 8, ndiye tsiku la msonkhano waukulu mwati tiyeni tiphatikize kuti zimveke mpaka kumsewu. Kuphatikiza 8 ndi 4 kumapereka pafupifupi 2.7 ohm. Mwatsika kale pansi pa malire. Choipa china, mabokosi awiriwa sagawana mphamvu mofanana: la 4 ohm limatenga magawo awiri mwa atatu, la 8 n'kutsala ndi gawo limodzi. Nyimbo zoyamba zitha kuyenda bwinobwino, chifukwa kutentha kumatenga nthawi. Ampu imadzakhala chete pamene zinthu zafika pokoma, anthu ataimirira.

N'chifukwa chake ine malangizo anga kwa munthu amene akugula bokosi loyamba amakhala akuti: gulani la 8 ohm. Ndikudziwa kuti ena atsutsa, ndipo mfundo yawo ili ndi mutu. Ampu zambiri zimatulutsa mphamvu yake yonse pa 4 ohm. Mwachitsanzo Markbass Little Mark III imapereka mawati 500 pa 4 ohm, koma 300 okha pa 8 ohm. Fender Rumble 500, ngakhale dzina lake likunena 500, ndi masipika ake amkati imapereka 350, ndipo 500 uja amabwera mukawonjezera bokosi lina la 8 ohm. Ndiye munthu amati, ndisiyirenji mawati 200 amene ndalipira kale?

Yankho lili m'makutu mwanu. Kukula kwa mawu amakuyeza mu ma decibel, ndipo khutu la munthu siliwerenga mawati mmene timawerengera ndalama. Mukawirikiza mawati kawiri, mawu amakwera ndi ma decibel 3 okha. Kusintha kumeneko kumamveka, inde, koma n'kochepa. Kuti munthu anene kuti "apa ndiye zawirikiza", pamafunika ma decibel pafupifupi 10, kutanthauza mawati ochuluka kakhumi. Kuchoka pa 300 kufika pa 500 sikukwana ngakhale ma decibel atatu aja. Pamene mukawonjezera bokosi lachiwiri lofanana ndi loyamba, mumapindula pawiri: ampu imamasula mphamvu yake yonse, komanso masipika okankha mpweya amakhala awirikiza. Pamenepo ndiye ngakhale agogo okhala kumbuyo amatembenuka. Wogula la 4 ohm wadzitsekera khomo limeneli tsiku loyamba lomwe. Wogula la 8 amanyamula limodzi popita kokonzekera nyimbo, awiri popita kubwalo. La 4 ohm ndi labwino ngati mukutsimikiza kuti simudzawonjezeranso, kapena ngati head yanu imafika pa 2.

Pali nambala inanso imene sakonda kuilemba ndi zilembo zazikulu, yotchedwa sensitivity. Imanena kukula kwa mawu amene bokosi limatulutsa likapatsidwa wati imodzi, munthu ataima mita imodzi kutsogolo kwake. Bokosi la 100 dB likapatsidwa mawati 250 limafanana ndi la 97 dB lopatsidwa 500. Taonani, kusiyana kwa manambala atatu okha kwadya theka la ampu yonse.

Tsopano tibwere ku mawati omwe aja. Pa bokosi, mawati sakunena kukula kwa mawu. Akunena mphamvu imene masipika angapirire asanapse. Yang'anani nambala yolembedwa RMS kapena continuous. Ya peak ndi ya kamphindi chabe, ndipo ija ya PMPO imene mumaiona pa mawailesi apanyumba, ya mawati masauzande pa kabokosi konyamula ndi dzanja limodzi, ingoyisekani. Chikomekome cha mkuyu. Kusankha kosavuta n'kwakuti RMS ya bokosi ikhale pafupi ndi mawati amene head imatulutsa pa ma ohm a bokosilo, kapena kuposa pang'ono. Onani kuti ndati pa ma ohm a bokosilo: ngati head ija ya 500 mwailumikiza ku la 8 ohm, nambala yoyerekeza ndi 300.

Koma musadalire pepala lokha. Besi ili ndi khalidwe lake. Nsambo yaikulu pa besi ya nsambo zinayi imanjenjemera pafupifupi maulendo 41 pa sekondi, ndipo ya pa besi ya nsambo zisanu, imene oimba nyimbo zauzimu amaikonda, imatsika kufika pa 31. Mawu otsika chonchi amakankha pepala la sipika kutsogolo ndi kumbuyo mtunda wautali, moti sipika itha kung'ambika isanafike n'komwe pa mawati olembedwa aja, makamaka mukapotokola batani la bass mpaka kumapeto. Sipika imachenjeza isanafe: imayamba kulira ngati nsalu ikung'ambika, kapena kugogoda. Mukamva zimenezo tsitsani nthawi yomweyo. Ampu yamphamvu kuposa bokosi si mlandu payokha, bola dzanja la mwini wake likhale lomva. Ampu yaing'ono yokakamizidwa mpaka mawu kusweka nayo imawononga, makamaka kasipika kakang'ono ka mawu okwera kamene amati tweeter. Ndipo bokosi la gitala wamba musalipatse besi ngakhale tsiku limodzi, silinapangidwire ntchito imeneyo.

Za kukula kwa masipika sindichedwapo. Mukaona 4x10 ndiye kuti muli masipika anayi a mainchesi 10, 1x15 ndi imodzi ya mainchesi 15, 2x12 ndi awiri a 12. Anthu amati ya 15 ndiyo ya besi yakuya, ya 10 ndi ya mawu akuthwa. Nthawi zina zimakhala choncho, koma chimene chimalamula kwambiri ndi mapangidwe a bokosi lonse, kukula kwake mkati, komanso ngati lili ndi bowo lotulutsira mpweya kapena ndi lotseka. Alipo ma 4x10 amene amatsika kuposa 1x15. Chimene ndingatsutse ndi chizolowezi chosanjikiza 4x10 pamwamba pa 1x15. Zimaoneka bwino pa chithunzi, koma ngati onse ndi a 8 ohm amagawana mphamvu pakati ndi pakati. Pamwamba anthu anayi akugawana thumba, pansi munthu mmodzi wasenza thumba lonse yekha. Ndipo poti ali pansi pa mawondo anu, simumumva akamalira. Mabokosi awiri ofanana ndendende savuta chonchi.

Pali mtundu wina wa ampu umene uli ndi lamulo lakelake, wa ma valve, timababu tagalasi timene timayaka mkati. Wotchuka kwambiri ndi Ampeg SVT, umene unatuluka mu 1969 ndi mawati 300, ndipo gulu la Rolling Stones linayenda nawo pa ulendo wawo wa ku America chaka chomwecho. Bokosi lake la 8x10 oimba analipatsa dzina lakuti firiji chifukwa cha msinkhu wake. Ampu ya mtundu umenewu simuyiyatsa popanda bokosi lolumikizidwa, chifukwa thiransifoma yake yamkati itha kupsa, ndipo ma ohm a bokosi ayenera kufanana ndi bowo kapena switch imene mwasankha kumbuyo. Apa lamulo lija lakuti "8 ndi yotetezeka nthawi zonse" siligwira ntchito.

Ndatchula SVT pa chifukwa chinanso: kulemera. Head yokha imaposa makilogalamu 35, ndipo firiji ya masiku ano imaposa 60, kuposa thumba la chimanga. Little Mark ija siifika makilogalamu atatu. Amene amaimba ndi firiji pa masiteji akuluakulu ali ndi anyamata onyamula ndi galimoto yake. Inu muli ndi minibasi, kondakitala wofuna mtengo wa mipando iwiri, ndi msana umodzi. Masipika okhala ndi maginito a neodymium amapepuka kwambiri, ngakhale mtengo wake umakwererapo. Kwa woimba wa m'tchalitchi chapakatikati, 2x10 kapena 1x15 ya 8 ohm ndi poyambira pabwino, makamaka ngati head ili ndi bowo la DI lotumizira mawu ku mikisa kuti masipika akuluakulu a holo athandize.

Ambiri mwa ife sitigula zatsopano. Timagula zogwiritsidwa kale ntchito, kapena bokosi lokhomedwa ndi kalipentala waluso n'kuikamo masipika ogula padera. Palibe cholakwika, koma pamenepa chikwangwani chakumbuyo musachikhulupirire, chifukwa simukudziwa amene anasinthamo masipika. Bwerekani multimeter kwa wokonza mawailesi, muyeze pa polowetsa waya bokosi lisanalumikizidwe kulikonse. Nambala imene iwoneke imakhala yocheperapo kusiyana ndi yolembedwa: bokosi la 8 ohm limaonetsa pakati pa 5 ndi 7, la 4 ohm limaonetsa cha m'ma 3. Mukaona yochepera 2, funsani mafunso. Chenjeraninso ndi masipika a m'galimoto: ambiri ndi a 4 ohm, ndiye awiri olumikizidwa mbali ndi mbali m'bokosi limodzi afika kale pa 2. Kenako tengani batire la 9V, ligunditseni kamphindi ku nsonga za waya wa bokosilo, muyang'ane masipika. Onse adumphire mbali imodzi. Ngati ina ikutuluka pamene inzake ikulowa, mawaya anatembenuzidwa mkati, ndipo masipikawo azidyerana besi okhaokha.

Waya wochokera ku head kupita ku bokosi akhale wa sipika, osati wa gitala. Kunja amafanana, pulagi yake imalowa bwinobwino, koma wa gitala mkati ndi wowonda ngati tsitsi, ndipo akatentha n'kusungunuka amatha kupha ampu. Ngati zida zanu zili ndi mabowo a Speakon, aja opotokola n'kutseka, gwiritsani ntchito amenewo. Ndipo ngati head yabwera ndi wachibale kuchokera ku America, onani kaye ngati ndi ya 120V, chifukwa magetsi athu kuno ndi 230V.

Tsiku lokagula, nyamulani head yanu ndi besi yanu, ngakhale wogulitsa anyinyirike. Ikani mabatani onse a EQ pakati, imbani nsambo yaikulu yosagwira paliponse pa voliyumu imene mumaimbira ndi woimba ng'oma, osati ya m'chipinda chogona. Ikani dzanja pa bokosi mumve ngati pali thabwa kapena sikuluwu imene ikunjenjemera. Kenako mupatseni mnzanu besiyo, inu mupite mamita asanu kapena kuposa, mukamvere kumeneko, chifukwa besi imamveka mosiyana ukaima pafupi ndi bokosi, ndipo mpingo sukhala pamene mumaima inu.