Amai Nawo Ayenera Kupumulako pa Khirisimasi

Nyengo ya Khirisimasi ndi Caka Catsopano ikafika, nyumba zambiri m'makomboni a pa boma la Chama zimadzaza. Ana atsekera sukulu, abale abwera kucokera ku Lundazi, Chipata ndi Lusaka, ndipo mpunga uyenera kuphikidwa m'mapoto akuluakulu. Amene amasenza nchito yonseyi ndi amai. Iwo ndiwo amayamba kudzuka, ndiwonso amatsiriza kugona, uku kubzala ndi kupalira kumunda kukuwayembekezera.

Tsono amai akafuna kupitako madzulo amodzi ku kicheni pati, kokagawana ndalama za cilimba kapena kokaceza ndi anzao a kwaya, ena amayamba kuwanena kuti ndi osasamala banja. Maganizo amenewa ndi olakwika. Thupi limene silipumula limadwala. Kutopa kosalekeza, kusowa tulo ndi nkhawa zimabweretsa mutu ndi kupsa mtima msanga, ndipo ana ndiwo amayamba kukalipiridwa. Mai amene waseka ndi anzace, nawauza mabvuto ace, amabwerera kunyumba mtima uli pansi. Kumeneko azimai amakumbutsananso za sikelo ya ana ndi njira za kulera.

Bvuto lenileni lili pa amene amatsala ndi ana. Kawirikawiri khanda limasiyidwa m'manja mwa mtsikana wa zaka 8 kapena 9, pamene abambo ali kumowa. Uku ndi kuika moyo wa ana pangozi. Kandulo itha kuyatsa katani. Mbaula yosiyidwa m'nyumba yotseka imatulutsa mpweya woipa wosanunkha umene umapha anthu ali mtulo.

Kuonjezera apo, December ndi mwezi wa mvula, ndipo m'cigwa ca Luangwa udzudzu umaswana kwambiri. Udzudzu wopatsa malungo umaluma usiku, nthawi imene amai palibe. Mwana mnzace sangaikeko nzeru zotsitsa neti ndi kuipisira pansi pa mphasa kapena matiresi. Sangadziwenso kuti mwana wotentha thupi ayenera kukapimidwa magazi ku kiliniki kapena ku cipatala ca Chama tsiku lisanathe, ndi kuti wokomoka kapena wosanza ciriconse ayenera kuthamangitsidwa usiku womwewo.

Matenda otsekula m'mimba nawo amakonda nyengo imeneyi. Kolera imene inabuka mu October 2023 inapha anthu oposa 700 m'Zambia, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mu 2024. Zakudya zotsala pa phwando ziyenera kubvundikiridwa ndi kutenthetsedwa bwino, madzi akumwa aphitsidwe kapena kuthiridwa klorini. Paketi imodzi ya ORS imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Zonsezi zimafuna munthu wamkulu.

Munthu wamkuluyo ayenera kukhala abambo. Mutu umodzi susenza denga. Abambo amene amatuluka Loweruka liri lonse sangalephere kukhala pakhomo usiku umodzi, kudyetsa ana, kuwasambitsa m'manja ndi sopo ndi kuwagoneka mu neti. Kulera mwana wao sikucotsa ulemu wao. Ngati abambo palibe, agogo, azakhali kapena mnansi wodalirika apemphedwe kukali masana, ndipo asiyiridwe nambala ya foni.

Amai nawonso ali ndi mbali yao. Woyamwitsa angathe kufinyira mkaka m'kapu yoyera yobvundikira. Mkakawo umakhala bwino maola 4 popanda firiji, ndipo mwana wosakwana miyezi 6 safunika phala kapena madzi. Mowa umalowa mu mkaka wa m'mawere, cotero womwako botolo limodzi ayembekeze maola 2 asanayamwitse, ndipo asagone ndi khanda ataledzera. Mai wa pakati asalawe mowa ngakhale pang'ono, cifukwa umaononga ubongo wa mwana ali m'mimba. Za ulendo wobwerera zikonzedwe asanacoke: ayende pagulu, ndi tochi, ndipo asakwere njinga yamoto ya munthu woledzera.

Banja likakhala pansi kuwerengera ndalama za nkhuku, saladi ndi zobvala za ana, likambiranenso za tsiku limene amai adzapite kwa anzao, ndi dzina la munthu wamkulu amene adzatsala ndi ana usiku umenewo.