Sindikato yongolankhula pa 1 Maio ikutumikira yani?

Atsogoleri a masindikato amakumbukira wailesi tsiku limodzi pa caka. Pa 1 Maio amatumiza cikalata cacitali ca m'Cipwitikizi, kutipempha kuti ticiwerenge conse monga ciliri, kenako amasowa mpaka caka cinzake. Ine ndimaulutsa mawu pa wailesi ya m'dera, ndipo ndikunena poyera kuti umenewu si mgwirizano. Ndi mwambo cabe.

Tafunsani mlonda wa ku Ulónguè, mtsikana wogulitsa m'sitolo ku Zóbuè, kapena wosankha fodya ku Furancungo. Kodi akudziwa kuti tili ndi Lamulo la Nchito latsopano, nambala 13/2023, lomwe linayamba kugwira nchito mu 2024? Akudziwa kuti mayi wobereka tsopano amapuma masiku 90, osati 60 ngati kale, ndipo bambo wa mwana ali ndi masiku 7? Akudziwa kuti ya INSS imene bwana ayenera kudula pa malipiro ndi 3 pa 100 aliwonse, iye n'kuwonjezera 4, ndipo wanchito ali ndi ufulu wofunsa ngati ndalamazo zikufikadi? Zonsezi zinalembedwa, koma m'cinenero cimene ambiri kwathu kuno sawerenga. Ufulu umene mwini wake sanaumvepo uli ngati cimanga cotsekeredwa m'nkhokwe ya eni.

Caka ndi caka boma, olemba anthu nchito ndi masindikato monga OTM-CS ndi CONSILMO amakambirana ku Maputo za malipiro ocepetsetsa a gawo lililonse la nchito. Nanga n'cifukwa ciyani mlembi wa sindikato wa m'boma lino sabwera sabata yomweyo kudzanena m'Cinyanja kuti wakumunda azilandira zakuti, womanga nyumba zakuti? Mphindi 15 zikwanira. Abwere ndi manambala, alole omvera aimbe foni, ayankhe.

Ena amati atolankhani amangothamangira sitalaka ndi cipolowe. Inde, wailesi ikamva nkhani tsiku limene anthu atseka geti, idzangonena za geti. Bweretsani dandaulo likadali laling'ono: malipiro acedwa miyezi ingati, anchito ndi angati, munalembera yani, anayankha ciyani. Mwana wakwanitsa kulira ndiye amayamwa.

Ena amaopa kuti wanchito akamveka pa wailesi acotsedwa. Mantha amenewa ndi oona, ndipo ndico cifukwa cake sindikato ilipo: alankhule mtsogoleri wosankhidwa, dzina la wodandaula libisike. Lamulo la atolankhani limatilola kusunga cinsinsi ca amene watipatsa nkhani.

Koma nanunso a sindikato mumve ici: wailesi si cimkuzamawu canu. Mukaneneza bwana, ifenso tidzamuimbira kuti ayankhe. Mukachula nambala, tidzafunsa kumene mwaitenga. Ndipo wanchito akafunsa kumene imapita ndalama yomwe amasonkha ku sindikato mwezi ndi mwezi, funso limenelo tidzaliulutsanso. Mtsogoleri woona mtima alibe coopa pamenepa.

Inu owerenga amene mumasonkha, pitani kwa mlembi wanu mukamufunse kuti adzalankhula liti pa wailesi m'cinenero canu. Akakuuzani kuti mudikire Maio, pa cisankho cikubweraci musankhe wina.