Phungu Richard Ottaway ndi lamulo la malonda a zitsulo zakutha ku Britain

Lamulo loyendetsera malonda a zitsulo zakutha ku England ndi Wales, la Scrap Metal Dealers Act 2013, silinalowe m'Nyumba ya Malamulo ngati bilu ya boma. Amene analibweretsa ndi Richard Ottaway, phungu wa dera la Croydon South wa chipani cha Conservative, yemwe pa nthawiyo anali wapampando wa komiti yoona za maubale ndi mayiko akunja. Anthu ambiri ankamudziwa pa nkhani za mayiko akutali, koma dzina lake limatchulidwanso pa nkhani ya mawaya, mapaipi ndi sikelo ya ogula zitsulo.

Gwero la vutoli linali mtengo. Mu February 2011 kopa anafika pa madola oposa 10,000 pa tani, ndipo chilichonse chokhala ndi kopa, mkuwa kapena mtovu chinasanduka ndalama yongotola. Akuba ankadula mawaya a m'mbali mwa njanji sitima n'kuima maola ambiri, ankasasula mtovu pa madenga a matchalitchi mvula n'kumalowa, ndiponso ankazula mabolodi amkuwa olembedwa mayina a asilikali omwe anafera kunkhondo. Mu December 2011 chosema cha mkuwa cha Barbara Hepworth chinabedwa ku Dulwich Park ku London. Chitsulo chikalowa m'ng'anjo sichibwereranso m'maonekedwe ake, choncho umboni umasungunukira limodzi ndi katunduyo.

Lamulo lakale la 1964 linali lofewa. Wogula zitsulo ankangolembetsa dzina kukhonsolo, ndipo khonsoloyo inalibe mphamvu yomukaniza. Munthu ankafika pachipata ndi thumba la mawaya osendedwa kale, n'kuliika pa sikelo, kutchula dzina lililonse lomwe labwera m'mutu, kulandira ndalama m'manja, basi waphana ndi msewu.

Ku Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster, chaka chilichonse aphungu omwe si nduna amachita mayere, ndipo mayina 20 amene atuluka amapatsidwa mwayi wobweretsa bilu yawoyawo yokambidwa Lachisanu. Mu 2012 dzina la Ottaway linatuluka lachiwiri, ndipo iye anasankha nkhani ya zitsulo. Bilu yake inavomerezedwa ndi Mfumukazi pa 28 February 2013 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 October chaka chomwecho. Inalamula kuti aliyense wogula zitsulo zakutha, kaya ali ndi malo okhazikika kaya amayenda khomo ndi khomo ndi galimoto, atenge laisensi ya zaka zitatu kukhonsolo. Khonsolo inapatsidwa mphamvu yokana kapena kulanda laisensiyo. Wogula ayenera kuona chitupa cha wogulitsa, kulemba dzina ndi keyala yake, ndi kusunga zolembazo kwa zaka zitatu. Kulipira ndalama m'manja kunaletsedwa kotheratu. Malipiro ndi a pa cheke kapena kudzera kubanki.

Oyamikira ntchito ya phunguyu amaloza pa chiwerengero cha milandu. M'chaka cha 2012/13 apolisi analemba milandu yakuba zitsulo yoposa 60,000 ku England ndi Wales, ndipo pofika 2016/17 inali itatsika kufika pafupifupi 13,000. Amanenanso kuti lamuloli linagunda pamalo oyenera. Kulondera waya aliyense wa m'mbali mwa njanji n'kosatheka, pomwe zipata zimene waya wobedwa amasandukirako ndalama n'zowerengeka. Ogula zitsulo akuluakulu, kudzera m'bungwe lawo la British Metals Recycling Association, anagwirizana ndi biluyo, chifukwa iwo ankalandidwa msika ndi anzawo olipira m'manja osafunsa funso.

Koma pali zifukwa zomveka zokayikirira kuti ulemu wonse ndi wa munthu mmodzi kapena lamulo limodzi. Ottaway sanali woyamba. Mu 2011 Graham Jones, phungu wa Labour wa dera la Hyndburn, anali atabweretsa kale bilu ya nkhani yomweyi, koma inafera panjira. Chiletso cholipira m'manja chinayamba mu December 2012 kudzera m'lamulo lina la boma, ngakhale kuti chinasiya mpata kwa oyenda khomo ndi khomo, mpata womwe bilu ya Ottaway inatseka. Apolisi nawo anali atayamba kale ntchito ya Operation Tornado mu 2012, yopempha ogula zitsulo kuti azifunsa zitupa. Komanso bilu ya phungu wamba sipita patali popanda boma kuiikira kumbuyo, ndipo iyi unduna wa Home Office unaigwira dzanja kuyambira pachiyambi.

Chovuta kwambiri kuchikana ndi msika. Pofika kumayambiriro kwa 2016 mtengo wa kopa unali utagwa mpaka pansi pa madola 4,500 pa tani. Wakuba amawerengetsera ngati wamalonda wina aliyense: ngati thumba lomwelo la mawaya likubweretsa theka la ndalama za kale, kukwera mpanda usiku kumachepa phindu. Milandu inatsika m'zaka zomwe mtengo unkatsika, ndipo palibe njira yosavuta yosiyanitsira gawo la lamulo ndi gawo la mtengo.

M'Nyumba momwemo munali otsutsa. Aphungu a chipani chake chomwe, monga Philip Davies, ankaona kuti biluyo ikusenzetsa katundu wolemera amalonda ang'onoang'ono osalakwa, pomwe wakuba weniweni sapita kukhonsolo kukapempha laisensi. Dandaulo limeneli silopanda pake. Munthu wotola mafiriji ndi njinga zakutha amayenera kukhala ndi laisensi ya khonsolo iliyonse imene amayendako, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Pa Lachisanu phungu mmodzi wolankhula mosalekeza akhoza kupha bilu pongodya nthawi, choncho mbali yaikulu ya ntchito ya Ottaway inali yonyengerera anzake kuti biluyo isafere pa wotchi. Luso la mtundu umenewu silioneka kwambiri m'buku la Hansard, lomwe limasunga zolankhulidwa zokha.

Lamuloli linali ndi ndime yolamula boma kuti liliunikenso zisanathe zaka zisanu. Mu 2017 Home Office inatero n'kugamula kuti likhalebe. Dandaulo lomwe lakhala likumveka kuyambira pamenepo, ngakhale kwa amene analichirikiza, ndi lakuti makhonsolo ndi apolisi alibe anthu okwanira oyendera malo ogulira zitsulo, ndipo olipira m'manja mobisa akadalipo. Akuba nawo anasintha chofuna: cha m'ma 2019 mpaka 2021 kunachuluka kudula ma catalytic converter, kachipangizo ka kunsi kwa galimoto komwe kali ndi platinum, palladium ndi rhodium, kamene munthu wa sowo yamagetsi amakachotsa m'mphindi zochepa ndipo kamatha kugulitsidwa osadutsa pa sikelo ya aliyense wokhala ndi laisensi. Ottaway anasiya uphungu mu 2015, izi zisanafike pachimake.