Kodi Ikafa Adzaikonza Ndani?

Pa sukulu pano palibe mkangano umene ubwera kawirikawiri kumalo ogona koposa wa galimoto. Ambiri a ife tiribe ngakhale njinga, komabe aliyense anasankha kale galimoto imene adzagula akadzayamba ntchito. Wina afuna ya mipando yachikopa, wina ya mphepo yozizira m'kati, winanso ya wailesi yogunda mpaka magalasi kunjenjemera. Sindinamve ndi mmodzi yemwe akufunsa kuti, "Nanga galimotoyo ikadzafera pakati pa Ntcheu ndi Dedza, adzaikonza ndani?" Ine ndiyesa kuti funso ili ndilo loyamba, za mipando zibwere pambuyo.

Titenge chitsanzo cha galimoto imene akuluakulu aikumbukira ndi ulemu, Peugeot 504, imene iwo ankangoti "Pijo". Inayamba kupangidwa ku France m'chaka cha 1968, ndipo mu 1969 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka chimenecho ku Ulaya. Eni ake analeka kupanga ya mtundu wonyamula anthu mu 1983, koma kuno ku Afirika anthu anakana kuisiya. Ku Kenya anapitirira kuilumikiza kufikira 2004, ndipo ku Kaduna, m'dziko la Nigeria, inalikupangidwabe m'zaka zomwezo. Taganizani, anzanga, zaka zoposa 20 eni ake ataitaya! Kodi anthu a ku Nairobi ndi a ku Lagos anali ogona, osadziwa kuti kunja kuli galimoto zatsopano? Iai. Iwo anaona zinthu ziwiri zimene ife otsutsana usiku sitiziona.

Choyamba, kukoma kwa Pijo sikunali pa chikopa cha mpando, kunali kunsi. Masipuling'i ake anali aatali ndi ofewa, kotero kuti tayala likagwa m'dzenje linkatsika lokha, okwera osaponyedwa kudenga. Mimba yake inali patali ndi nthaka. Chitsulo chopereka mphamvu ku matayala am'mbuyo chinkazungulira m'kati mwa paipi yolimba, miyala osachikhudza. Nchifukwa chake mu 1975 Ove Andersson wa ku Sweden anapambana nayo mpikisano woopsa uja wa Safari, m'matope ndi m'fumbi la ku Kenya. Tsono musayese kuti ndikunyoza kukhala bwino paulendo. Mayi wodwala amene alikupita naye ku chipatala pa mseu wa mabampu afunika galimoto yosamgwedeza, ndipo amene anakwerapo mseu wokhotakhota wa Gorodi kupita ku Livingstonia adziwa kuti msana wa munthu si nkhuni. Ndikungoti kufewa kwenikweni kuyesedwa pa mseu wafumbi, osati pa chithunzi.

Chachiwiri ndicho chachikulu. Pijo inkafa monga galimoto iriyonse, koma imfa yake siinali yachinsinsi. Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango, wokhala ndi masipanala ochepa ndi khutu labwino, ankatha kumvetsera injini ndi kunena matenda ake. Masipeyala ake ankapezeka paliponse, pakuti galimotozo zinali zambiri, ndipo imodzi ikatheratu ziwalo zake zinkachiritsa zinzake khumi. Munthu ankagula ali mnyamata, nadzaphunzitsira mwana wake kuyendetsa pa galimoto yomweyo.

Lero zinthu zasintha. Galimoto zambiri za pa miseu yathu ndi za kaunjika zochokera ku Japan, dziko limene ayenda kumanzere kwa mseu monga ife. Kumeneko lamulo likakamiza mwini galimoto kukaiyezetsa ikatha zaka zitatu, ndipo pambuyo pake zaka ziwiri zirizonse. Popeza kuyezetsako kudya ndalama, ambiri angoigulitsa ikali yooneka bwino. Munthu wa kuno aiona pa intaneti, atumiza ndalama, galimoto itsika m'sitima ku Dar es Salaam, niyenda makilomita pafupifupi 900 kudzalowa pa Songwe ku Karonga. Uwu ndi mwai ndithu, pakuti kale galimoto inali ya bwana yekha. Koma tikumbukire kuti zambiri za izo anazipangira miseu yosalala ya ku Tokyo. Ziri zogwada, zokhuza mimba pa bampu aliyense, ndipo m'kati mwake muli kompyuta imene siilankhula ndi makaniko wopanda makina oiwerengera. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Yendani m'makomo a m'tauni, mudzaona galimoto zonyezimira ziri pa njerwa chaka chathunthu, nkhuku zikuikira mazira pa mipando yachikopa ija, chifukwa cha kachitsulo kamodzi kamene kayenera kuitanitsidwa kunja. Ndipo kuitanitsako si masewera. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 iriyonse tsiku limodzi, ndipo mtengo wa zinthu zochokera kunja unakwera pomwepo.

Wina adzati, "Tsono iwe ufuna tibwerere ku Pijo?" Ai, sinditero. Galimoto zakale zinkamwa mafuta kwambiri, zinkafuka utsi, ndipo pa ngozi sizinkateteza okwera monga zichitira za lero, zokhala ndi matumba a mpweya ndi mabuleki osakoka matayala. Chimene ndifuna titenge kwa Pijo ndi nzeru ya oigula. Iwo sanachite manyazi kukhala ndi galimoto yofanana ndi ya mnansi. Pano pa sukulu tiri ndi nthenda yofuna chinthu chimene wina aliyense alibe, koma pa nkhani ya galimoto nthenda imeneyi isaukitsa. Galimoto yokhala yokha m'boma lonse iri ngati mwana wamasiye, ikadwala palibe mbale woipatsa magazi. Onani Toyota Corolla. Inayamba mu 1966, ndipo pofika 2021 zinali zitagulitsidwa zoposa 50 miliyoni pa dziko lonse. Siikongola kwenikweni, ndipo atsikana a Fomu 4 sangaicheukire, koma nyali yake ikasweka mukaipeza ku Ndirande kapena ku Biwi dzuwa lisanalowe. Onaninso zipatala ndi mabungwe ogwira ntchito kumidzi, m'mene akakamirira Land Cruiser ya mtundu wa 70, imene inatuluka mu 1984 ndipo ikupangidwabe. M'kati mwake mulibe zokometsera, koma ifika ndipo ibwerako.

Komanso tisaike mlandu wonse pa galimoto. Ina siifa, ichita kuphedwa. Toyota Sienta anaipangira anthu asanu ndi awiri, koma tonse taona m'mene aipakirira pa matola, anthu pamiyendo pa anzao, matumba a chimanga kumbuyo, chitseko chomangidwa ndi chingwe. Mwini wake sasintha oilo mpaka ada ngati phula, agula sipeyala yabodza chifukwa njotsika mtengo, ndipo ikamveka kaphokoso kachilendo iye akweza wailesi. Miyezi isanu ndi umodzi isanathe adzakhala akunena kuti galimoto za masiku ano nzosalimba. Woyendetsa wotere ngakhale Pijo akanaimaliza.

Ndamva kuti ena mwa aphunzitsi athu alikusunga ndalama, enanso atenga ngongole, kuti aitanitse galimoto. Ndalama zimenezo nza zaka zambiri za choko ndi kuchonga makope usiku, ndipo sitifuna kuziona ziri pa njerwa kuseri kwa nyumba. Ndiwapempha mwaulemu kuti asanatumize kanthu ayambe apita kumsika wa masipeyala, atchule dzina la galimotoyo, ndi kufunsa mtengo wa pampu ya mafuta, wa nyali ndi wa giyabokosi. Wogulitsa akayankha msanga, nkhani iri bwino. Akayamba kukanda m'mutu ndi kuitana mnzake kuti amve dzinalo, chonde aphunzitsi musankhe ina, pakuti ikakana kulira m'mawa wa mu June ndife a Fomu 3 amene tiitanidwa kudzakankha.