Musatsegule thumba la mchere musanayeze madzi

Aphunzitsi anzanga a sayansi, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, lero tikambirane za mchere. Mchere wake ndi uja amathira m'madziwe osambiramo a kunyumba za mabwana ku Johannesburg, Pretoria ndi Cape Town, kumene anyamata athu ambiri akugwira ntchito za m'gadeni. Kumeneko wa m'gadeni ndi yemwenso amasamala dziwe. Ine ndikuti munthu amene anakhala pa desiki mpaka Fomu 4 sayenera kuthira mchere m'dziwe mongoyerekeza, chifukwa zonse zofunika anaziphunzira kale pa mutu wa electrolysis ndi wa concentration.

Anthu ambiri, ndi mabwana omwe, amaganiza kuti dziwe lamchere lilibe klorini. Ayi ndithu. Mcherewo ndiwo gwero la klorini. Pampu imakankha madzi kudutsa m'kabokosi kotchedwa cell, momwe muli timbale ta titanium tolumikizidwa ku magetsi. Ku anode kumatuluka klorini, ku cathode kumatuluka hydrogen, ndendende ngati chithunzi chimene timajambula pa bolodi. Kloriniyo ikasungunuka imapha majeremusi ndi ndere, kenako imabwerera kukhala mchere. Ndi banja limodzi ndi WaterGuard amene timathira m'ndowa nthawi ya kolera.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mchere sutha chifukwa cha ntchito imeneyi, ndiponso suuluka ndi dzuwa. Madzi akauma m'chilimwe mchere umatsalira, ndiye mukawonjezera madzi a pampopi mwangobwezera mulingo wakale. Mchere umachepa pokhapokha madzi atatayika: potsuka fyuluta, ana akamasewera n'kumamwaza madzi kunja, dziwe likamadontha, kapena mvula ikadzaza dziwe mpaka kusefukira. Ku Johannesburg mvula imagwa m'miyezi yotentha ngati kwathu kuno, pomwe ku Cape Town imagwa m'nyengo yozizira, mu June ndi July. Choncho malangizo amene wakupatsani mlamu wanu wa ku Cape Town musangowatengera ku Gauteng.

Masamu ake ndi a Fomu 3. Mawu akuti 1,000 ppm amatanthauza galamu imodzi pa lita imodzi ya madzi. Makina ena amafuna mchere wa 3,200 ppm, ena 4,000 kapena kupitirira, ndipo chiwerengero choyenera chimalembedwa m'kabuku ka makinawo. Madzi a m'nyanja yaikulu amafika 35,000 ppm, ndiye a m'dziwe amangomveka mchere patalipatali. Tsono tiyerekeze dziwe la malita 50,000. Kuti mukweze mchere ndi 1,000 ppm mufunika makilogalamu 50, omwe ndi matumba awiri a makilogalamu 25. Ngati mwayeza n'kupeza 3,500 pomwe makina akufuna 4,000, thumba limodzi lakwana. Limodzi basi!

Chimene chimawasokoneza anyamata athu ndi kanyali kofiira kolembedwa kuti mchere wachepa. Makinawo sawerenga timibulu ta mchere. Amangoona momwe magetsi akudutsira m'madzi. Madzi akazizira magetsi amadutsa movutikira, ndipo kanyali kamayaka ngakhale mchere uli wokwanira. Chimodzimodzi timbale tija tikakutidwa ndi zoyerayera za calcium, kapena cell ikakalamba. Bwana akaona kanyali amangolamula kuti thira mchere, mnyamata n'kuthira. Mawa kakayakanso, thumba lina. Pofika September madzi atayamba kufunda, dziwe lili pa 6,000 ppm, makina ena akudzizimitsa okha, zitsulo za makwerero zayamba dzimbiri, ndipo wolakwa pamaso pa bwana ndi wa m'gadeni. Munthu wosamalira banja ku Mzimba kapena ku Mangochi atha kudulidwa malipiro, mwinanso kuchotsedwa ntchito, chifukwa cha kanyali.

Ndipo mchere ukachuluka palibe mankhwala ochotsera. Njira yake ndi kutaya madzi ena n'kuthira atsopano. Kuti dziwe lija litsike kuchoka pa 6,000 kufika pa 4,000 muyenera kutaya gawo limodzi mwa magawo atatu, pafupifupi malita 16,700. Kumbukirani kuti mu February 2018, chilala chitavuta, mzinda wa Cape Town unalamula kuti munthu azigwiritsa ntchito malita 50 okha patsiku, ndipo kudzaza dziwe ndi madzi a pampopi kunali koletsedwa. Pa mulingo umenewo, madzi otayidwawo akanakwanira munthu mmodzi pafupifupi miyezi 11.

Ndiye inu muli kumeneko, yezani kaye. Timapepala toyezera mchere timagulitsidwa m'masitolo a zipangizo za madziwe, ndipo ambiri mwa masitolowo amayeza okha mukawapititsira madzi m'botolo. Yang'anani cell ngati yayera. Mukatsimikiza kuti mchere wachepadi, zimitsani chlorinator, thirani wocheperako pa umene masamu akupatsani, siyani pampu izungulitse madzi tsiku lathunthu, kenako yezaninso. Musaiwale pH, chifukwa m'madziwe amchere imakonda kukwera. Iyenera kukhala pakati pa 7.2 ndi 7.6, ndipo ikakwera kwambiri klorini imafooka, madzi n'kubiriwira mchere uli bwinobwino. Potsitsa pH, asidi ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi, ndipo asidi asakumane ndi klorini wa ufa m'chidebe chimodzi. Mpweya wake ndi wakupha.

Ndikudziwa kuti ena mu staff room anena kuti mwana wa pa CDSS ya kumudzi, amene amasamba kumtsinje, dziwe la bwana likumukhudza bwanji. Funso labwino. Koma mwana yemweyo sanaonepo fakitale yoyeretsa mkuwa, ndipo timamuphunzitsa popanda kudandaula. Mwa ziwirizi, chimene m'bale wake akuchigwira ndi manja lero n'kutumizirako ndalama ya fizi ndi dziwe. Ine teremu ino funso la malita 50,000 lija ndaliika pa mayeso a Fomu 3, ndipo a Fomu 4 ndawapatsa la kanyali kofiira kuti afotokoze chifukwa chake kamayaka mu July. Amene mukufuna mafunsowa ndiuzeni, ndikutumizirani.