PAKHONDE PATHU: Ati Nyimbo, Ati Phokoso

Ulendo uno ndabwera ndi nkhani ya kumtunda, kutali ndi usipa ndi mabwato, koma ndikhulupirira kuti pofika kumapeto ambiri a inu munena kuti, "Izitu n'za m'nyumba mwanga."

M'mwezi wa April ndinachoka ku Nkhotakota kupita kwa Simlemba, chakumpoto kwa boma la Kasungu, kumene mlongo wanga anakwatiwa. Anandiitana ndi alamu anga, ndipo uthenga wawo unali waufupi: "Alamu, bwerani mudzadzudzule mwana wanuyu, ine wandikanika." Mwanayo ndi mnyamata wa zaka 19, woyamba kubadwa, amene anamaliza Folomu 4 ndipo akuthandiza bambo ake pa ulimi wa fodya wa bale.

Ndinafika nthawi yosankha fodya, aliyense ali m'chigafa, koma bambo ndi mwana sankayankhulana. Foni ya mnyamatayo inali itatha milungu itatu yokhomeredwa m'sutikesi. Naye anali atauza mayi ake kuti fodya akangogulitsidwa ku okushoni, iye wa ku Joni, ndipo sadzabweranso.

Nditafunsa mlandu wake, alamu anati: "Anzake amamvera nyimbo zoti munthu n'kuzidziwa. Iyeyu amajambula kulira kwa ngolo, kukukuta kwa jeke tikamadinda mabelo, mvula padenga, n'kumati ndi nyimbo. Usiku ali kuseri kwa chigafa ndi anzake awiri kukangana za phokoso. Anthu ayamba kunong'onezana kuti mutu wake sukuyenda bwino. Ine ndichite manyazi m'mudzi muno chifukwa cha jeke?"

Kunena zoona, nanenso mtima unali kumbali ya alamu. Koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chomwecho ndinapempha kuti ndisanaweruze, ndikakhale kaye pa bwalo la anyamatawo usiku umodzi. Anandipatsa mpando wa ndalema, iwo n'kukhala pa ziguduli. Poyamba ankachita manyazi, koma mkangano utakolera anaiwala zoti pali munthu wamkulu.

Woyamba, mnyamata wamtali amene mayi ake ndi a ku Lundazi, ndi wokonda gitala wolira mokalipa. Kwa iye nyimbo zenizeni ndi za rock za ku Zambia za m'zaka za 1970, zimene amazitcha Zamrock. Anatchula gulu la WITCH la Jagari Chanda, gulu la Amanaz, ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, amene anamwalira mu 1989. Atandimvetsera imodzi pa foni yake, gitala ankalira ngati mavu otsekeredwa m'chitini, koma mawu ake anali Chinyanja chomveka bwino. Apo ndinakumbukira unyamata wanga, tikusaka Radio Zambia pa wailesi ya mabatire. M'katikati mwa zaka zimenezo Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo, ndipo magulu oterewa anachuluka. Kuno kwathu wailesi inali imodzi yokha, ya MBC, zimbale zinkayamba zadzera ku bodi ya boma yoziunika, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza. Mnyamatayo ananyadira kuti nyimbo zimene zinaiwalika zija zinadzukanso: WITCH inatulutsa chimbale chatsopano mu 2023, ndipo mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga kachigawo ka nyimbo ya Ngozi Family n'kuika m'nyimbo yake.

Wachiwiri sanalole. Iye anati kukopera magitala a magetsi n'kusowa nzeru, mwamuna weniweni amadzipangira chake choimbira. Anatulutsa babatoni amene anakhoma yekha: ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, mtengo wautali wa bulugama, ndi chingwe chimodzi cha waya wochotsa m'tayala. Akatswiri ake ndi Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, amene amaliza babatoni ndi kamtengo ndi botolo lopanda kanthu uku akuponda ng'oma ndi phazi, komanso Madalitso Band ya Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni. Awiriwa ankaimba m'misewu ya Lilongwe anthu n'kumawadutsa, koma mu 2017 anakaimba pa chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera apo ayenda maiko ambiri a ku Ulaya ndi babatoni yemweyo ndi gitala wa zingwe zinayi. Ine ndinangoonjezerapo kuti njira imeneyi anailambula kale ndi Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi wa Singano pafupi ndi Chileka, amene katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba mumsewu ku Blantyre mu 1967.

Mwana wa mlongo wanga anayankhula pomaliza, ndipo anayankhula motsitsa mawu. "Amalume, anzangawa akukangana za choimbira. Ine ndimati dziko likuimba kale, koma makutu athu ndi aulesi. Mumvetsere fodya wouma akamachita tswatswa masana, ndiye mudzamumvenso m'mawa atafewa ndi mame. Si mawu amodzi ayi."

Kenaka anandiuza za anthu amene anayamba luso limeneli, ndipo nditabwerera kwathu ndinapeza kuti sananame. Mu 1944 ku Cairo, mnyamata wa ku Egypt dzina lake Halim El-Dabh anabwereka makina ojambulira mawu, n'kujambula amayi akuimba pa mwambo wina, kenaka n'kusintha mawuwo ndi makina mpaka anamveka ngati mphepo ya m'phanga. Mu 1948 ku Paris, Pierre Schaeffer anajambula kulira kwa sitima za pamtunda n'kukulumikiza kukhala nyimbo. Ndipo mu 1952 ku America, John Cage analemba nyimbo ya mphindi 4 ndi masekondi 33 imene woimba amangokhala pa piyano osagunda kanthu, kuti omvera amve zimene zikumveka pamalopo: mphepo, mvula, ndi kupuma kwawo komwe.

Apa anzake aja anagwa nako kuseka. Wa babatoni anati, "Ndiye anthu analipira pakhomo kuti akamve kutsokomola kwawo?" Nanenso ndinaseka, ndipo mpaka lero sindinganene kuti za John Cage zinandigwira mtima. Koma ndikugona usiku umenewo ndinaganiza za ife a kunyanja. Kodi msodzi wokhwima samvetsera nyanja n'kudziwa kuti mwera uli panjira, ena tonse tikungomva madzi? Kodi mayi samva kulira kwa mtondo wa mnzake n'kudziwa kuti chimanga chakonoka? Khutu lotere timalilemekeza likakhala la wamkulu. Bwanji likakhala la mwana timati wapenga?

Ndinaganizanso za beni amene timamunyadira ku Mangochi, ndi malipenga a anzathu a ku Nkhata Bay. Magule awiriwa anabadwa potengera maperete ndi mabandi a asilikali a atsamunda, ndipo anafala nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha. Posowa malipenga a chitsulo, anthu anatenga zikho n'kumata kadzira ka kangaude pa kabowo kuti zizilira. Kumeneko kunali kuyesa zachilendo kwenikweni. Nanga lero ndani angaimirire n'kunena kuti beni si wathu?

Ndipo Kasungu yemweyu ali ndi phunziro lake. William Kamkwamba wa kwa Wimbe, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, ankatola zitsulo zotayidwa, anthu n'kumati wachita misala. Mapeto ake anaimika makina a mphepo opanga magetsi pakhomo pa makolo ake. Sindikunena kuti mwana aliyense wochita zachilendo ndi Kamkwamba. Ndikungoti liwu loti misala timafulumira nalo.

Mawa lake titadya mgonero, ndinapempha alamu kuti atulutse foni ija. Anakana kawiri, kachitatu analowa m'nyumba. Tinakhala pamkeka, ine, alamu, mlongo wanga ndi mnyamatayo. Ndinati, "Alamu, munthu saweruzidwa asanamveke. Timve chimodzi chokha, kenaka munene mawu anu."

Mnyamatayo anasankha chimene anajambula chaka chatha. Chinayamba ndi tambala, kenaka mateyala a ngolo pamsewu wa fumbi, kenaka masamba a fodya akukhulana pa mikangala. Jeke analowa ndi kukukuta kwake, mobwerezabwereza ngati ng'oma. Pansi pake pankamveka chifuwa cha matenanti ndi fumbi la fodya. Alamu anali atayang'ana kumbali, nkhope ili gwa. Mwadzidzidzi panamveka mawu a gogo wina akuingitsa nkhuku, kenaka n'kuseka, n'kuitana mwana wake ndi dzina la paubwana.

Anali mayi awo a alamu, amene anatisiya m'mwezi wa January.

Pamkekapo panangoti zii. Mlongo wanga anaphimba kumaso ndi mpango. Patapita nthawi alamu anati, "Tabwezera pamenepo." Mwana anabwezera. Anamvetseranso kachitatu. Kenaka anatsokomola n'kunena kuti, "Komabe si nyimbo." Atatero anakankhira foniyo kwa mwini wake.

Ine sindinalimbane nawo za dzina. Kaya ndi nyimbo kaya si nyimbo, pakhomo ponsepo palibenso china chosunga mawu a gogoyo. M'zaka za 1950 Hugh Tracey anayenda m'dziko muno ndi galimoto yodzaza makina, kujambula nyimbo za pamtondo, bangwe ndi ng'oma, ndipo mawu amenewo amasungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Mawu a makolo athu anatisungira ndi mlendo. Lero mwana wathu yemwe angathe kugwira ntchito imeneyi ndi kachipangizo ka m'thumba, ife n'kumamukhomera m'sutikesi.

Musaganize kuti mnyamatayo ndinamusiya osamudzudzula. Poti ndine malume wake, ndinamuuza pamaso pa makolo ake zinthu zinayi. Choyamba, kujambula munthu osamupempha ndi kuba, ngakhale akhale gogo wako kapena tenanti wa bambo ako. Apite akawamvetsere matenantiwo zimene anajambula, ndipo akakana afufute. Chachiwiri, bambo akamaitana, zomvera za m'makutu zichoke msanga, chifukwa wotama khutu lake sangakhale gonthi kwa kholo lake. Chachitatu, fodya amasankhidwa m'mawa ali wofewa, tsono bwalo la kuseri kwa chigafa lizitha nthawi yabwino. Chachinayi, kuopseza mayi ako ndi ulendo wa ku Joni pofuna kupambana mkangano ndi nkhanza. Anagwada n'kupepesa, ndipo za ku Joni sizinatchulidwenso mpaka ndinanyamuka.

Tsono kwa inu makolo anzanga, ndikudziwa kuti nkhani ya zoimbaimba mabanja athu saiona mofanana, ndipo aliyense ali ndi malire amene anaika pakhomo pake motsata chiphunzitso chimene analandira. Malire amenewo ine sindikuwasuntha. Pempho langa ndi lakuti chifukwa choletsera chisangokhala chakuti chinthucho n'chachilendo m'makutu mwanu. Khalani pansi mumvetsere limodzi ndi mwanayo, ndipo mudzifunse mafunso atatu. Kodi mawu ake akunena chiyani? Nyimbo ina imakoma ngati uchi koma ikutama mowa, chamba ndi chiwerewere, pamene ina yolira ngati chigayo ikulangiza za ulemu. Kodi ikumudyera nthawi yanji? Ngati ikumulanda Swala, sukulu kapena ntchito, pamenepo pali mlandu. Kodi ikumusandutsa munthu wotani, ndipo ikumupatsa anzake otani? Anyamata atatu aja ndinawapeza akukangana za zingwe ndi zikopa, m'kamwa mopanda fungo la kachasu. Makolo ambiri akanakondwa ana awo akanakhala ndi mlandu wotere.

Kwa inu achinyamata, musamanyoze kholo chifukwa silidziwa Paul Ngozi kapena Halim El-Dabh. Kholo limaopa chimene silikuchidziwa chifukwa limakukondani. Mukamabisa zimene mukumvera, mukulipatsa chifukwa choganizira zoipa. Fotokozani modekha, ndipo muyambe mwagwira ntchito ya pakhomo. Mukakhala ndi foni, pitani kwa agogo anu akadali moyo, muwapemphe, muwajambule akusimba za kale, akuluka ukonde, akuitana nkhuku. Tsiku lina mudzandithokoza.

Pobwerera alamu anandiperekeza pa njinga yamoto mpaka pa msewu wa tala. Tikudikira minibasi anandifunsa motsitsa mawu ngati n'zotheka kusamutsira mawu a mayi awo aja pa foni yawo. Ndinawauza kuti katswiri wa zimenezo ali m'nyumba mwawo momwemo, akangomupempha.

Nanga kwanuko zikuyenda bwanji? Kodi munakanganapo ndi mwana wanu, kapena kholo lanu, pa nkhani ya zomvera? Munathetsa motani? Lemberani kwa Mkonzi, ndipo makalata ena tidzawayankha pakhonde pano m'kope lotsatira, Insha Allah.

Wassalaam.