Kuimba 2: Chimbale Chimene Tidachivina Tisanachimve

Palibe munthu wa ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa, ngakhale mwana amene adabadwa mwini dzinalo atagona kale m'manda ku Chileka, amene anganene kuti Evison Matafale samudziwa. Pakuti nyimbo zake zimalira m'maminibasi odutsa pa Chinseu, m'malo omwera mowa ku Machinjiri ndi pa ziwailesi za ometa tsitsi ku Chilomoni. Koma mukamfunsa munthu yemweyo kuti adayamba wakhalapo pansi, wosavina, wopanda botolo m'manja, namvetsera chimbale cha Kuimba 2 kuyambira nyimbo yoyamba kufikira yotsiriza, mudzamuona akukanda m'mutu. Ine ndikuti chimbale ichi tidachichepsa, ndipo tidachichepsa mwa njira yodabwitsa, ndiyo yochitamanda ndi milomo makutu athu ali kwina.

Chimbale choyamba, Kuimba 1, chimene adajambula mothandizidwa ndi a Wailing Brothers, chidalowa m'makwalala athu ndi mkokomo, nyimbo ya Watsetsereka ili pakamwa pa aliyense, m'masiku aja anthu ankapita ku Limbe kwa O.G. Issa kukagula kaseti. Pambuyo pake matenda adamgoneka mnyamatayo kwa nthawi. Ndipo atadzuka, adasonkhanitsa ana a malemu Robert Fumulani, ndiwo Musamude, Anjiru ndi Chizondi, pamodzi ndi anzawo ena, nakhazikitsa gulu la Black Missionaries, limene lidatulutsa naye Kuimba 2 m'chaka cha 2001. Chimbalecho chisanakhazikike n'komwe m'makutu mwa anthu, iye adamangidwa chifukwa cha makalata odzudzula boma la Pulezidenti Bakili Muluzi, ndipo pa 27 Novembala chaka chomwecho adamwalira ku Lilongwe ali m'manja mwa apolisi, ali ndi zaka 32 zokha. Akulu adati ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika. Kuyambira tsiku limenelo, chimbale chikalira timakumbuka maliro, timakumbuka mkwiyo wathu, timapukusa mitu. Zimene woimbayo adafuna kutiuza zidakwiririka pamodzi ndi thupi lake.

Komatu amene angalole kukhala chete adzapeza kuti mawu a m'chimbale ichi ndi a munthu amene adayandikira dzenje la manda nabwerako, ndipo munthu wotero saimba monga aimbira amene sadagonepo pamphasa ya matenda. Tamverani nyimbo ya Yang'ana Nkhope. Pa nthawi imene njala idali kulowa m'midzi, andale nayamba kunong'onezana zowonjezera zaka za ulamuliro, ndipo anthu ankafunsana kwawo kwa munthu asanamfunse dzina, Matafale adabwerera ku chiphunzitso choyambirira cha m'buku la Genesis, chakuti munthu aliyense adalengedwa m'chifanizo cha Mlengi wake, nachiimba mofatsa, mosakalipa, kotero kuti womvera samva ngati akuweruzidwa ndi woimbayo, koma ayamba kudziweruza yekha pa chidani chimene wasungira mnansi wake. Nyimbo yotere siyenera kumvedwa pakati pa phokoso la makapu, ngakhale ndikudziwa kuti kumeneko ndiko imamveka kawirikawiri, ndipo ambiri amaiimba ndi mawu okweza, kenaka n'kumenyana pakhomo potuluka.

Nyimbo ya Time Mark ndi yolemera mwa mtundu wina. Nyumba zazitali za ku New York zitagwetsedwa pa 11 Seputembala 2001, dziko lonse lili kakasi, mnyamata wa ku Chileka adatsegula Baibulo lake nayesa kuwerenga zochitikazo monga chizindikiro cha nyengo. Sindivomereza kumasulira kwake konse, ndipo abusa ambiri angatsutsane naye; koma ndani wina mwa oimba athu a nthawi imeneyo adalimba mtima kuganiza payekha za nkhani yaikulu chotere, osadikira kuti mawailesi akunja amuuze choti aganize?

Sikwathu kokha kumene chimbale chofatsa chimaponderezedwa ndi chinzake chaphokoso. Pamene gulu la Led Zeppelin la ku England lidatulutsa chimbale chake chachitatu m'chaka cha 1970, chodzaza ndi magitala osalumikiza kumagetsi, olemba nyuzipepala ambiri adachinyoza. Ndipo Bob Marley naye, atatulutsa Kaya mu 1978 motsatira Exodus, ena adati wafooka. Koma chimene chiyenera kutichititsa manyazi chili pafupi, kwa anansi athu ku Zambia, kumene anyamata a ku Kitwe otchedwa Amanaz adajambula chimbale cha Africa mu 1975, chimene chidaiwalika zaka zambirimbiri kufikira makampani akunja, monga Now-Again ya ku America mu 2015, adachitulutsanso, azungu nayamba kuchitamanda. Zoona, mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kodi ifenso tidikire mlendo kuti adzatiuze mtengo wake wa chuma chimene chili m'nyumba mwathu?

Mbali ina ya mlandu ili pa momwe timapezera nyimbo masiku ano. Kale kaseti inkakakamiza munthu kudekha, chifukwa kudumpha nyimbo kudali kutha mabatire, ndiye womvera ankayenda ndi woimbayo ulendo wonse, mbali yoyamba ndi yachiwiri. Lero mnyamata wa kompyuta mumsika wa Ndirande amakuthirirani nyimbo mazanamazana m'foni, za Matafale zitasakanizika ndi za ku Nigeria ndi za kwaya, popanda dzina la chimbale ngakhale chaka chake, kotero kuti mwana wa ku Bangwe sangathe kusiyanitsa zimene adaimba Matafale ndi zimene adaimba Musamude, amene adatsogolera gululo kufikira imfa yake mu 2007. Sindikuwadzudzula a Black Missionaries, amene asunga dzina la Kuimba pa zimbale zawo zonse, nasonkhanitsa khamu ku Chileka chaka ndi chaka kukumbukira abale awo. Iwo achita mbali yawo, ndipo khamu likafuna kuvina woimba sangalikanize.

Pempho langa lipite kwa akuluakulu a mawailesi, kuyambira a MBC: mwezi wa Novembala ukafika, patulani ola limodzi la usiku, muike Kuimba 2 chonse monga adachisanjira mwini wake, muulutsi asalankhule pakati, asapereke moni kwa anzake a kumowa. Ndipo inu amene mudagula kaseti ija mu 2001, muli ndi ana akuluakulu tsopano. Akhazikeni pansi madzulo ena, muzimitse mafoni, mumvetsere nawo pamodzi, ndipo chikatha muwafunse zimene amva.